Kuika chithunzi choyenda pa pepala: njira zosandutsira GIF kukhala PDF, ndi imene ndimadalira

Masana ena aphunzitsi a zamakaniko anafika pa kashopu ka fotokope kamene ndimathandizirapo mlamu wanga, foni ili m'manja. Anandionetsa kachithunzi koyenda ka injini ya masitiroko anayi: pisitoni ikutsika, ikukwera, pulagi ikuthetheka moto, utsi ukutuluka, kenako zonse n'kuyambiranso.

"Achimwene, ichi ndikufuna chikhale pa pepala. Ana anga ambiri alibe mafoni otere, ndipo m'kalasi mulibe pulojekita."

Tinatumiza fayiloyo pa kompyuta, n'kuitsegula, n'kudina Print. Pepala linatuluka lili ndi chithunzi chimodzi chokha, pisitoni ili pamwamba, yaima chilili. Aphunzitsi aja analiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Nanga mwana aphunzirapo chiyani pamenepa? Chimene ndikufuna kumuonetsa n'kuyenda kwakeko."

Pulinta sinalakwitse chilichonse. GIF ndi mulu wa zithunzi zambiri zosanjikizana, zimene timazitcha mafulemu, ndipo fulemu iliyonse imakhala ndi nthawi yake yoti ioneke isanalowe m'malo ndi inzake. Kampani ya CompuServe ya ku America ndi imene inatulutsa mtundu wa fayilowu mu 1987, motsogozedwa ndi Steve Wilhite, ndipo mu 1989 anawonjezeramo zoti fulemu izikhala ndi nthawi yodikira komanso malo oonekera mkati. PDF ndi ya Adobe, inatuluka mu 1993, ndipo cholinga chake kuyambira pachiyambi chinali choti tsamba lioneke chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse ndi pa pulinta iliyonse. Tsono imodzi inapangidwira nthawi, inayo inapangidwira tsamba. Mukamati mukusandutsa GIF kukhala PDF, ndiye kuti mukusankha kuti pa nthawi yonse ija mutolepo mphindi ziti n'kuziyala pa pepala. Njira zimene ndifotokoze pano zimasiyana kwenikweni pa chinthu chimodzi: ndani akusankha mafulemuwo, inuyo kapena pulogalamu.

Tiwerengere kaye, chifukwa masamu ake ndi amene amatsegula maso. GIF ya masekondi 4 yoyenda mafulemu 10 pa sekondi ili ndi mafulemu 40. Ngati fulemu iliyonse itenga tsamba lake, ndiye masamba 40. Kalasi ya ana 60, aliyense kope lake, ndi mapepala 2,400, pafupifupi ma ream asanu, poti ream imodzi imakhala ndi mapepala 500. Palibe mphunzitsi amene angalipire zimenezo, ndipo ngakhale atalipira, tsamba la 17 ndi la 18 n'zofanana moti mwana sangaone kusiyana kwake.

Musanayambe, onani ngati ilidi GIF

Ambiri amagwa apa. Chimene WhatsApp imachilemba kuti GIF nthawi zambiri chimakhala kavidiyo ka MP4 kopanda mawu kongobwerezabwereza. Pa foni ya Android mukalowa m'foda ya WhatsApp Animated Gifs mudzaona mayina a mafayilo akuthera ndi .mp4. X, imene kale inkatchedwa Twitter, imachitanso chimodzimodzi. Timasitika toyenda ta pa WhatsApp nato si GIF, ndi ta mtundu wa WebP, umene Google inatulutsa mu 2010. Palinso APNG, imene dzina lake limangothera ndi .png ngati chithunzi wamba koma ili yoyenda. Yang'anani kumapeto kwa dzina la fayilo musanataye bandulo kufufuza pulogalamu yolakwika. Ya aphunzitsi aja inali GIF yeniyeni chifukwa anaikopera pa intaneti, siinadutse pa WhatsApp.

Print basi

Njira imene aliyense amayamba nayo ndi iyi. Windows 10, imene inatuluka mu 2015, inabwera ndi pulinta yongoyerekeza yotchedwa Microsoft Print to PDF, ndipo Windows 11 ili nayonso. Pa Android, mukasankha Print mumapeza Save as PDF. Simulipira kanthu, simuika pulogalamu ina, simufunika netiweki. Koma mumapeza fulemu imodzi, kawirikawiri yoyambirira. N'chimodzimodzinso mukalowetsa GIF mu Word kapena PowerPoint n'kusunga ngati PDF: pa sikirini ya PowerPoint chithunzicho chimayenda bwinobwino, koma mu PDF chimauma.

Njirayi ili ndi pake. Ngati ndi chizindikiro cha bungwe chongophethiraphethira, kapena khadi la chiitano cha ukwati lokhala ndi timaluwa togwedezeka pamene mawu onse ali poyera kuyambira pa fulemu yoyamba, dinani Print muzipita. Chenjezo n'lakuti ma GIF ambiri ofotokozera zinthu amayamba ndi tsamba lopanda kanthu, mawu ndi mizere n'kumabwera pang'onopang'ono. Oterewa amakutulutsirani pepala loyera, inu n'kumaganiza kuti tona yatha.

Eni Mac ali ndi mwayi pang'ono. Pulogalamu ya Preview ikatsegula GIF siiyendetsa, imaonetsa mafulemu onse m'mbali ngati masamba. Mungathe kusankha amene mukuwafuna n'kuwapulinta kapena kuwakokera panja.

Mawebusayiti osandutsa mafayilo

Mukalemba pa Google kuti mukufuna kusandutsa GIF kukhala PDF, amabwera ambirimbiri, monga CloudConvert ndi Convertio. Mumakweza fayilo, mumadikira, mumakopera PDF. Kwa munthu amene ali ndi foni yokha, iyi imaoneka ngati njira yachidule, ndipo nthawi zina ndi yachiduledi.

Vuto lake n'lakuti simudziwiratu chimene chituluke. Ena amatenga fulemu yoyamba yokha, ndiye mwangotaya bandulo pa chinthu chimene Print ikanakuchitirani ulere. Ena amaika fulemu iliyonse pa tsamba lake, aja masamba 40 aja. Ndinaonapo PDF ya mtundu umenewu itabwera pa shopu, mwini wake n'kungoti "pulintani zonse" asanaitsegule, ndipo tikanapanda kumuonetsa kaye pa sikirini akanalipira mapepala oposa 90 a chithunzi chooneka ngati chimodzi.

Pa mawebusayiti onsewa, imene ndimaiona yothandiza ndi ezgif.com, koma osati chifukwa cha PDF. Ili ndi chida chotchedwa Split chimene chimagawa GIF kukhala mafulemu ake onse n'kuwaonetsa pa sikirini. Mumatha kuwaona limodzi ndi limodzi, kusunga amene mwawakonda, kapena kukopera onse mu fayilo ya ZIP. Imalandiranso WebP ndi MP4. Pamenepo kusankha kwabwerera m'manja mwanu, ngakhale muli pa foni.

Komabe kumbukirani kuti fayilo imene mwakweza yapita pa kompyuta ya munthu wina amene simukumudziwa, m'dziko limene simukulidziwa. Pa chithunzi cha injini palibe chodetsa nkhawa. Koma sikani ya mayi woyembekezera, kavidiyo ka kamera ya chitetezo ka ku ofesi, kapena kujambula kwa sikirini koonetsa mayina ndi manambala a makasitomala, zimenezo musazikweze, ngakhale webusayitiyo italonjeza kuti imafufuta pakatha maola angapo. Chitirani pa kompyuta yanu.

Kuimitsa ndi kujambula sikirini

Anthu odziwa makompyuta amainyoza njira iyi, koma ine sindiinyoza. Ngati fayilo yanu ndi MP4 ya pa WhatsApp, itseguleni ngati vidiyo, iimitseni pamene mukufuna, jambulani sikirini, pitirizani, imitsaninso. Zithunzi zinayi kapena zisanu ndi chimodzi zakwana. Pa kompyuta ya Windows, pulogalamu yoonera mavidiyo yotchedwa VLC imachita bwino kuposa pamenepa: mukaimitsa vidiyo, batani la E limasuntha fulemu imodzi yokha, ndipo Shift ndi S pamodzi zimasunga fulemuyo ngati chithunzi, popanda mabatani ndi nthawi ya pa foni kujambulidwa nawo.

Kuipa kwake n'kwakuti pa foni chala sichigwira mphindi yeniyeni. Kuthetheka kwa pulagi kumatenga fulemu imodzi kapena ziwiri, ndiye mumayesa kasanu musanakuphe. Komanso mukamadula m'mbali mwa zithunzizo ndi dzanja, chimodzi chimakula, china chimachepa, ndipo pa pepala injini imaoneka ngati ikudumphadumpha. Mukadula, dulani zonse mofanana.

GIMP, ndi nkhani ya mafulemu obooka

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri ndipo si kawirikawiri munthu kuwafotokozera.

GIMP ndi pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi. Anaiyamba ndi Spencer Kimball ndi Peter Mattis ali ophunzira ku Berkeley mu 1995, ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mukatsegula GIF, fulemu iliyonse imakhala leya yakeyake (ngati pepala limodzi pa mulu wa mapepala osanjikizana), yolembedwa nambala ndi nthawi yake. Yoyamba imakhala pansi pa mulu, yomaliza pamwamba.

Tsono mukazimitsa maleya ena kuti muone imodzi, mwina mudzadabwa kuona kuti fulemu ya nambala 12 ilibe injini yonse. Ili ndi kachidutswa ka pisitoni kokha, kwina konseko n'koboola, kukuoneka timabokosi totuwa. Fayilo siinawonongeke. Opanga ma GIF amachepetsa kukula kwa fayilo posunga fulemu yoyamba yathunthu, kenako m'mafulemu otsatira amangosunga zimene zasintha. Silinda siyenda, ndiye palibe chifukwa choijambulanso ka 40. Ikamaseweredwa, chidutswa chilichonse chimagwera pamwamba pa zimene zinalipo kale, diso n'kuona chithunzi chathunthu. Koma mukachotsa fulemu imodzi payokha n'kuiika pa pepala, mumapeza zidutswa zokhazokha. Mukadzaona PDF yochokera pa webusayiti ili ndi tsamba loyamba labwino koma otsatira ali timadontho ndi timizere, chachitika n'chimenechi.

Mankhwala ake mu GIMP ali pa Filters, kenako Animation, kenako Unoptimize. Imatsegula chithunzi chatsopano chimene leya iliyonse ndi yathunthu. M'menemo ndi mmene muyenera kugwirira ntchito. Fufutani maleya amene simukuwafuna, mutsale ndi amene akunena nkhani. Kenako pitani pa Export As, lembani dzina lothera ndi .pdf, ndipo m'kabokosi kamene kabwere chongani Layers as pages. Pali kena kolembedwa Reverse the pages order. Tsegulani PDF yanu muone ngati yayambira koyambirira. Ngati yayambira kumapeto, bwererani mukachonge kameneko.

Ndimaikonda GIMP chifukwa mumaona chilichonse ndi maso musanawononge pepala ngakhale limodzi, ndipo fayilo siichoka pa kompyuta yanu. Mungathenso kuika leya yoyera pansi ngati GIF ili ndi malo oonekera mkati, chifukwa mapulogalamu ena malo amenewo amawadzaza ndi mtundu wakuda, tona n'kuthera pachabe. Chovuta chake, kuikopera koyamba kumadya bandulo yambiri, ndipo kwa munthu amene sanaigwirepo mawindo ake amachita kuzunguza mutu. GIF ya mafulemu 200 imatopetsanso kufufuta leya imodziimodzi. Amene ali ndi Photoshop adzapeza kuti nayo imatsegula GIF ngati maleya, koma sindingauze munthu kuti ayambe kulipira mwezi ndi mwezi chifukwa cha ntchito imene pulogalamu yaulere ikuigwira bwino lomwe. Pa Windows palinso IrfanView, kapulogalamu kopepuka kwambiri kolembedwa ndi Irfan Skiljan, kamene kali ndi Extract all frames pansi pa Options. Pa kompyuta yakale yochedwa, kameneka kamathamanga pamene GIMP ikukwawa.

ImageMagick ndi ffmpeg

Izi ndi za munthu amene saopa kulemba malamulo pa sikirini yakuda. ImageMagick anailemba John Cristy ali ku DuPont mu 1987, ndipo mpaka lero ndi yaulere. Kuti mugawe GIF mumalemba mzere umodzi:

magick injini.gif -coalesce fulemu_%03d.png

Liwu lakuti -coalesce likugwira ntchito ija ya Unoptimize, kudzaza mafulemu obooka. Mukaliiwala mupeza zidutswa. Mafayilo amatuluka ndi manambala, fulemu_000.png, fulemu_001.png, mpaka kumapeto. Kenako mumasankha amene mukuwafuna n'kuwayala pa tsamba limodzi:

magick montage fulemu_004.png fulemu_014.png fulemu_021.png fulemu_034.png -tile 2x2 -geometry +20+20 tsamba.pdf

Ngati muli ndi mtundu wakale, wa nambala 6, mumalemba convert m'malo mwa magick, ndipo montage mumailemba payokha. Pa makompyuta ena a Linux imakana kulemba PDF, imati siiloledwa. Chimenecho ndi chiletso cha mu fayilo ya policy.xml chimene anaika chifukwa cha mabowo a chitetezo a mu Ghostscript, pulogalamu ina yogwira mafayilo a PDF. Musavutike nacho, tulutsani PNG basi, PDF mukapangire kwina. Pa MP4, mnzake ndi ffmpeg:

ffmpeg -i kanema.mp4 -vf fps=2 fulemu_%03d.png

Umenewu ukutola zithunzi ziwiri pa sekondi iliyonse.

Mphamvu ya zida izi imaoneka mafayilo akachuluka. Munthu wokonza buku la maphunziro lokhala ndi ma GIF 50 angathe kuwagawa onse nthawi imodzi, iye akumwa tiyi. Koma pa GIF imodzi, kwa munthu amene sanazolowere, nthawi yophunzira malamulowa imaposa ya ntchito yeniyeniyo. Ndiponso kutola fulemu "iliyonse ya chikhumi" sikudziwa kuti chofunika chili pati. Kuphulika kwa mafuta kungagwere pa fulemu ya 21, makina n'kutola ya 20 ndi ya 30.

Zimene tinachita ndi injini ija

Tinagawa GIF ija, mafulemu onse n'kuonekera pa sikirini. Ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, apa ndiye pakufunika inuyo. Ine injini sindiidziwa ngati inu. Lozani."

Anakokera mpando pafupi. Analoza fulemu imene pisitoni ili pakati ikutsika, valavu yolowetsa ili yotseguka. Analoza ina, mavalavu onse atatsekeka, pisitoni ikukwera kupanikiza mpweya ndi petulo. Pa yachitatu anazengereza, akusuntha chala pakati pa mafulemu awiri oyandikana, kenako anasankha imene moto wa pulagi ukuoneka bwino. Yachinayi inali ya utsi ukutuluka. Ndinkaganiza kuti tathana, koma anawonjezera ziwiri: pisitoni ili pamwamba penipeni, ndi ili pansi penipeni. Anati ana amasokonezeka pa malo awiri amenewo, ndiponso amafuna kuwaonetsa kuti crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imachizungulitsa, imazungulira kawiri kuti masitiroko anayi akwane. Pa mafulemu onse aja anatola 6.

Zithunzizo tinaziika mu Word, m'tebulo la mizere itatu, ziwiriziwiri. Pansi pa chilichonse analemba nambala ndi chiganizo chimodzi. Tinajambula timivi toonetsa kumene pisitoni ikulowera, chifukwa pa chithunzi choima, pisitoni yotsika ndi yokwera zimaoneka chimodzimodzi. Ichi ndi chinthu chimene palibe pulogalamu yosandutsa mafayilo imene ingakuchitireni. Kenako Save As, PDF. Tsamba limodzi la A4. LibreOffice Writer, imene ndi yaulere, imachitanso zomwezi ndipo ili ndi batani lake lotulutsira PDF.

Njira iyi, yogawa kaye, kusankha ndi maso, kenako kuyala pa tsamba ndi mawu ake, ndi imene ndimadalira, ndipo ndimaiika patsogolo pa zonse. Chida chogawira chingakhale chilichonse mwa zija, ezgif pa foni, GIMP kapena IrfanView pa laputopu, ImageMagick kwa ozolowera. Imatenga mphindi 20 kapena 30 m'malo mwa mphindi imodzi, koma pepala lake munthu amaliwerenga n'kumva.

Si nzeru yatsopano ayi. Mu 1878 ku Palo Alto, ku California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira n'kujambula hatchi ya Leland Stanford ikuthamanga. Zithunzizo anaziyala motsatizana pa khadi limodzi, ndipo anthu anaona ndi maso awo kuti pali kamphindi kamene miyendo yonse inayi ya hatchi imakhala m'malere. Diso silinkatha kugwira zimenezo hatchi ikuthamanga. Linazigwira pa pepala. Ndimakumbukira zimenezi munthu akamadandaula kuti pepala likumulanda kuyenda kwa chithunzi. Mwana amene ali ndi zithunzi 6 patsogolo pake angathe kuika chala pa chachiwiri ndi chachitatu n'kuyerekeza mavalavu kwa nthawi imene akufuna, zimene GIF yothamanga siimulola.

Ngati simukufuna mawu pansi pa zithunzi, Windows ili ndi kanjira kachidule. Sankhani zithunzi zanu zonse m'foda, dinani kumanja, sankhani Print. Kumbali kumabwera masanjidwe osiyanasiyana: zinayi pa tsamba, 9 pa tsamba, ngakhale 35 pa tsamba. Sankhani Microsoft Print to PDF ngati pulinta. Pansi pali kabokosi kolembedwa Fit picture to frame. Kachotseni chongi, apo ayi kamadula m'mbali mwa zithunzi, mawu a m'mphepete n'kutayika.

Kukula kwa chithunzi ndi mitundu

Njira iliyonse imene mungasankhe, GIF imakhalabe kachithunzi kakang'ono. Ambiri amakhala mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 480 kapena 500 m'lifupi. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ndipo kuti lidzaze bwino pa madontho 300 pa inchi pamafunika mapikiselo 2,480 ndi 3,508. Chithunzi cha mapikiselo 480 pa muyezo umenewo chimangokwana masentimita 4. Mukachikoka kuti chidzaze tsamba, masentimita 19, mwatsika kufika pa madontho 64 pa inchi, ndipo mizere imaoneka ngati masitepe, zilembo n'kuchita mbuu. Mukachisiya pa masentimita 6 mpaka 8 chimatuluka bwino ndithu. Ichinso n'chifukwa china chimene fulemu imodzi pa tsamba lonse siikhalira bwino: imadya mapepala, kuonjezera apo imaoneka moipa. Zithunzi 6 kapena 12 pa tsamba zimagwirizana ndi kukula kwenikweni kwa GIF.

Fulemu ya GIF siingapitirire mitundu 256. Pa zojambula za mizere, ngati injini ija, palibe vuto. Koma pa nkhope ya munthu kapena mitambo, pulogalamu imamwaza timadontho kuti inamize diso, ndipo pa pepala timadonthoto timaoneka ngati mchenga. Mukamasunga mafulemu sankhani PNG osati JPG, chifukwa JPG imawonjezera zinyalala zake m'mbali mwa zilembo. Ndipo ngati GIF inachokera ku vidiyo, funani vidiyoyo, mutole zithunzi m'menemo.

Kenako pali nkhani ya fotokope. Ambirife timapulinta kope limodzi, ena onse n'kuchita fotokope yakuda ndi yoyera. Mu GIF ya aphunzitsi aja mpweya wolowa unali wabuluu, moto wofiira, koma pa pepala loyesera zonse zinasanduka zotuwa zofanana. N'chifukwa chake tinalemba mawu ndi timivi. Vutoli limakula pa mapu a zanyengo. Mphunzitsi wa jogalafe amene akufuna kuonetsa mmene namondwe wa Freddy anayendera kudutsa nyanja ya India mpaka kufika ku Mozambique ndi kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023 angapeze zithunzi zoyenda za setilaiti, koma mitundu yosonyeza kuchuluka kwa mvula ikatuwa, tanthauzo lapita. Pamenepo ndi bwino kulipira tsamba limodzi la kala n'kulimata pakhoma, ndipo pansi pa fulemu iliyonse mulembe tsiku lake, poti pa mapu otere tsiku ndiye nkhani. Nthawi zonse pulintani tsamba limodzi loyesera, mulichite fotokope, muone ngati likumvekabe musanalamule 60.

Nanga PDF yoyenda?

Ena amafunsa ngati chithunzi chingamayendebe mkati mwa PDF kwa amene aziwerengera pa sikirini. Zimatheka, koma n'zosadalirika. Kale Acrobat, pulogalamu ya Adobe yotsegulira PDF, inkadalira pulogalamu ina yotchedwa Flash poseweretsa mavidiyo a mkati mwa PDF, ndipo Adobe inasiya Flash pa 31 Disembala 2020. Olemba ndi LaTeX, pulogalamu yoyalira mabuku ndi zolemba za sayansi, ali ndi phukusi lotchedwa animate limene limayendetsa mafulemu mu PDF, koma limafuna pulogalamu yowerengera ngati Acrobat Reader ya pa kompyuta. Pa foni ndi m'mabulawuza ambiri chithunzicho chimangoima. Ndipo chikafika pa pulinta chimatuluka fulemu imodzi, tabwerera pomwe tinayambira.

Chimene chimagwira ntchito n'kuika QR khodi pakona ya tsamba, yolozera kumene GIF ili pa intaneti. Amene ali ndi foni ndi bandulo aiona ikuyenda, amene alibe ali ndi zithunzi 6 zija. Pansi pa khodiyo lembaninso adiresi yake m'zilembo, ndi dzina la amene anajambula. Ma GIF ambiri ophunzitsira a pa Wikimedia Commons ali pansi pa malayisensi a Creative Commons, amene amakulolani kugwiritsa ntchito koma ambiri mwa iwo amafuna kuti mwini wake atchulidwe. Ngati mukukonza kabuku kogulitsa, werengani kaye layisensiyo.

Pali malo amodzi pamene mafulemu onse 40 amafunikadi pa pepala: mukafuna kupanga kabuku kophethira, kaja mumagwira ndi chala chachikulu n'kumasiya masamba akuthamanga, chithunzi n'kumayenda. John Barnes Linnett anatenga patenti ya kabuku kotere ku England mu 1868. Pulintani mafulemu 8 kapena 10 pa tsamba, pa pepala lolimbirapo, aliyense ndi nambala yake ndi mpata wa masentimita awiri kumanzere. Dulani mofanana, sanjani motsatira manambala, mangani kumanzereko ndi kilipu yaikulu kapena mphira. Masamba anayi kapena asanu a A4 akwana. Aphunzitsi aja atamva zimenezi anapempha kuti tiwapulintirenso kope limodzi lotero, loti liziyenda m'manja mwa ana m'kalasi, ndipo anatenga lumo la pa shopu n'kuyamba kudula ali pomwepo.